Nambala wani wa m'galaja

Ndakhala ndikusoka pakhonde la nyumba ya malemu bambo Thombozi ku Nkolokosa kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo zisanu ndi zinayi mwa zaka zimenezi ndazithera ndikumva ana akuimba mataimusi kuseri kwa khoma. Mutandidzutsa kutulo n'kundifunsa seveni taimusi eyiti, ndiyankha ndisanatsegule maso. Dzina langa ndine Vitalis, koma kuno amangoti a Telala. Sukuluyo sindinalembetseko, chonsecho ndine wophunzira wake wakale kuposa onse.

Sukulu imene ndikunenayi ndi galaja. Malemuwo ankasungamo galimoto yawo, ija inkadzuka mochita kukankha. Lero muli mabenchi asanu, bolodi limodzi lobenthuka pakona, ndipo nthawi imene ndikusimbayi munali ana khumi ndi anayi. Wamng'ono anali wa zaka zisanu, wamkulu khumi ndi zitatu. Sitandade wani mpaka faifi, chipinda chimodzi, mphunzitsi mmodzi. Mphunzitsiyo ndi Madamu Emily, mwana woyamba wa malemuwo.

A Madamu anabadwira m'nyumba momwemo. Bambo awo anali kalaliki ku Limbe, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka. A Madamuwo anaphunzitsa sukulu ya boma zaka pafupifupi makumi awiri, kalasi ya ana oposa zana limodzi, ndipo mawu anawathera kumeneko. Mpaka lero amalankhula ngati munthu wa chimfine chosatha. Mayi awo atafa ziwalo mbali imodzi, abale ena onse anapezeka kuti ali kutali kapena ndi otanganidwa, ndiye a Madamu anasiya ntchito n'kubwerera pakhomo. Za amuna awo sindinena kanthu, poti nawonso eni ake sanena.

Anayamba ndi ana atatu a aneba, ongowasunga makolo ali kuntchito m'tauni. Anawo anakula, makolo n'kumati, "A Madamu, ingopitirizani naye, wakuzolowerani." Enanso anabweretsa awo. Sukulu inabadwa choncho, popanda munthu amene anakhala pansi n'kuifuna.

Ine ndimafika pakhondepo cha m'ma seveni, ndipo ndimapeza a Madamu atagwira kale ntchito ya tsiku lathunthu. Asambitsa mayi awo, awasintha, awamwetsa phala, ayanika zofunda. Miyendo imakhala itatupa kale. Ndinaziona ndi maso anga nsapato zawo zikusintha chaka ndi chaka, kuchoka pa zazitali chidendene, kufika pa zafulati, mpaka pa patapata. Mayi awo akafuna kanthu amagogoda mbale ndi supuni, ndipo kugogodako kukamveka, kaya phunziro lili pakati, a Madamu amaika choko pansi n'kulowa m'nyumba.

Munthu mmodzi sangagawike pasanu, ndiye anakonza njira yawo. Pabenchi lililonse amasakaniza akulu ndi ang'ono. Wamkulu amagwira dzanja la wamng'ono polemba, amamupukuta mamina, amamuperekeza kuchimbudzi. Powerenga amawerenga onse pamodzi mokweza, kuti ang'ono azitola kwa akulu. Lamulo la m'galajamo ndi limodzi, ndipo ndalimva kosawerengeka: "Muno sitisiya munthu m'mbuyo."

Ndinene chilungamo, njirayo inkagwira ntchito. A Madamu akalowa m'nyumba kalasi inkayenda yokha. Ndewu sindinaimvepo. Chaka chimene Hamdani, mnyamata wachisilamu wa sitandade firii, anayesa kusala kudya mwezi wa Ramadani, anzake onse ankapita kukadyera kuseri kwa galaja pa buleki kuti asamamuonetse chakudya, ndipo palibe amene anawatuma. Mvula ikagwa, Maziko, wamkulu wa onse uja, ankabereka wamng'ono kumudutsitsa pamatope. Ine ana anga anakulira m'sukulu zazikulu, koma zotere sindinazione.

Tsono makolo a mu Blantyre muno, mwana mungamuphunzitse ulemu, ukhondo ndi kuopa Mulungu, koma tsiku lotsekera funso limakhala limodzi: wakhala nambala chani? Mapepala a malipoti a Madamu amagula ku Limbe osindikiza kale. Pamwamba pali mabokosi awiri, lina lolembamo nambala ya mwana, lina lolembamo kuchuluka kwa ana a sitandade yake. Vuto ndi lakuti m'galajamo sitandade ina imakhala ndi ana anayi, ina awiri, ina mmodzi. Chaka china a Madamu analemba zonse mmene zinalili, mwana nambala thu mwa ana awiri. Mayi wa mwanayo anabwera atamanga chitenje m'chiuno, kudzafunsa kuti mwana wake wakhala bwanji womaliza, ndipo anamuchotsa tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo bokosi lachiwirilo a Madamu ankalisiya lopanda kanthu. Bodza sankalemba. Ankangosiya kulemba.

Ella anabwera ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kudzalowa sitandade thu, imene chaka chimenecho inalibe mwana wina aliyense. Anakwera yekha thu, firii, mpaka folo. Temu iliyonse lipoti lake linkati nambala wani.

Anali mtsikana wamtali, woonda, wa mawu okoma kwambiri. Kalasi ikamawerenga, mawu amene ndinkawamva pamwamba pa phokoso la makina anga anali ake. Chinthu akachimva kamodzi chakhala. Masamu ankakhoza ndithu, ndipo akamakopera za pabolodi, zolemba zake zinkaoneka ngati zosindikiza. Pabenchi ankakhala ndi Tisungeni, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kachete, kamene kankamutsata paliponse. Tonse tinkati Ella ndiye akulera Tisungeni.

Bambo ake a Ella, a Dalton, ndi mesenjala pa ofesi ina m'tauni. Amayenda wapansi kupita ndi kubwera, koma nsapato zawo simungazipeze ndi fumbi. Mayi ake amagulitsa kaunjika ku Limbe, amachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa. A Dalton malipoti a mwana wawo ankawasunga m'kapulasitiki, m'thumba la mkati la jekete. Ine anandionetsa mwina kakhumi. Anaonetsa a ku tchalitchi, anaonetsa alonda a pageti la kuntchito, ndipo tsiku lina anaonetsa bwana wawo.

Unali mwezi wa Juni, chiperoni chili ndii, pamene anabwera pakhonde panga ndi nsalu yabuluu kukhwapa.

"A Telala, mundisokere diresi la mwanayu. La kolala yoyera. Lisakhale la masewera ayi."

"Kuli ukwati?"

"Kuposa ukwati," anatero akuseka. Bwana wawo ataona malipoti aja anakalankhula ndi akuluakulu a sukulu ina yaikulu ya mbali ya ku Namiwawa, kumene ana amachita kutsitsidwa pagalimoto. Anavomera kuti Ella akalembe mayeso olowera sitandade faifi. Tsiku lake linali Loweruka, patatsala masabata awiri ndi masiku owerengeka.

Lachitatu pa buleki Ella anabwera kuti ndimuyeze. Tsiku limenelo magalasi anga ndinali nditawaiwala kunyumba, ndipo patebulo panali kapepala kamene amayi a kwaya anasiya, ka mayina ndi miyezo yawo. Nditatha kumuyeza ndinamupatsa kapepalako.

"Tandiwerengere dzina lachitatulo."

Anakagwira ndi manja awiri. Milomo inagwedezeka pang'ono. Kenaka maso ake anachoka papepalapo n'kupita kuchitseko cha galaja.

"Ndikaitane Tisungeni," anatero.

"Ayi, iweyo. Nambala wani ndi ndani pano?"

"Zalembedwa moipa."

Zinali zoona, amayi a kwaya aja amalemba ngati nkhuku yapalasa. Ndiye ndinatsitsa kalendala ya ku tchalitchi imene imakhala pakhoma, ya zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale ine ndinkaziona popanda magalasi. Ndinaloza mzere wa pansi pa chithunzi. Mwanayo anauyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananena motsitsa, osandiyang'ana.

"Mukandiuza mawu oyamba, ndimaliza."

Ndinamuuza kuti abwerere m'kalasi. Tsiku lonselo ndinasoka mokwiya, mpaka ndinathyola singano ziwiri. Mwanayo sindinamukwiyire ayi. Ndinkangoona nkhope ya a Dalton ndi kapulasitiki kawo kaja.

Ana ataweruka ndinalowa m'galajamo. A Madamu anali akusesa.

"A Madamu, mwana uja Ella sawerenga."

Ndinkayembekeza kuti adabwa, kapena andiuza kuti ndisamale zosoka zanga. Iwo anangoyedzamira tsache.

"Ndikudziwa, a Vitalis."

"Kuyambira liti?"

"Sitandade firii, temu yoyamba."

Anakhala pabenchi la ana, maondo ali m'mwamba, n'kundifotokozera ngati akunena za munthu wina. Tisungeni ndiye ankawerenga. Ankanong'oneza mawu oyamba a mzere uliwonse, Ella n'kumalizitsa mokweza kuchokera m'mutu. Tisungeni asanabwere ankachita zimenezo ndi mtsikana wina, Stacy, amene anasamukira ku Lilongwe, ndipo pochoka anachita kusiyira mnzakeyo ntchito. Pa mayeso a Madamu amawerenga mafunso mokweza, poti masitandade asanu sangawayendere mmodzimmodzi, ndipo pamene pafunika kusankha yankho, kumbuyo kwa pensulo ya Tisungeni kunkagona pamalo oyenera.

"Ana onse akudziwa," anatero. "Palibe anandiuzapo. Nanga si ndinawaphunzitsa ndine kuti muno sitisiya munthu."

"Ndiye inu munangokhala?"

"Ndinkati temu yamawa ndikhala naye pansi. Temu yamawayo amayi anagonekedwa kuchipatala masabata asanu. Inayo denga linadontha, tinkaphunzira titaunjikana pakona. Inayo kunabwera ana atatu atsopano osadziwa n'kugwira pensulo komwe. Iye sankavuta, a Vitalis. Mwana wosavuta umamuiwala."

Mwambi wa Zengerezu amene adalinda kwawukwawu unali kale pakamwa panga, koma nditayang'ana mapazi awo otupa aja ndinaumeza.

"Bambo ake muwauza?"

"Ndipatseni masiku. Ndiyese kaye."

M'mawa mwake anatulutsa kampando n'kukaika pambali pa makina anga. Anamukhazika Ella pamenepo ndi buku la sitandade wani, lija loyamba ndi a, e, i, o, u. Anandiuza kuti ndiziyang'anira kuti Tisungeni asayandikire. Kuyambira tsiku limenelo a Madamu ankathamanga malo atatu: m'galaja, pakhonde, ndi kuchipinda kwa mayi awo. Pofika masana ankayenda atagwira khoma.

M'galajamo zinthu zinasokonekera tsiku loyamba lomwelo. A Madamu anati ana awerenge, ndipo ndinamva timawu tiwiri titatu tikuyamba, n'kufera panjira. Anabwereza, zomwezo. Kenaka ndinamva mawu a Maziko, amene anali atayamba kale kusintha ngati a bambo.

"Madamu, Ella walakwa chani?"

"Sanalakwe."

"Ndiye mwamutulutsiranji? Paja munati muno sitisiya munthu."

"Khala pansi, Maziko."

Anakhala pansi, koma pa buleki kalasi yonse inatuluka n'kudzakhala pakhonde panga momuzungulira Ella. Kunja kukuwaza, iwo ali phee, aliyense akudya kambatata kake, wina n'kumamunyemera. Ine ndinasowa pomwe ndingapondere makina. Anachita zimenezo tsiku lililonse, ndipo ndinasiya kuwathamangitsa.

Tisungeni yekha anapeza nzeru ina. Anayamba kupempha kupita kuchimbudzi kasanu, kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo njira ya kuchimbudzi imadutsa pakhonde panga. Akamadutsa ankaponya diso pabuku, milomo n'kugwedezeka, osaima n'komwe. Tsiku lachitatu ndinamugwira.

"Iwe, chikhodzodzo chako chili ndi vuto lanji? Tikutengere kuchipatala?"

Anandiyang'ana ngati ndine mfiti ya m'dera lonse la Nkolokosa. "Akuvutika," anatero.

"Musiye avutike."

Kunena kunali kosavuta. Kukhala pambali pa mwanayo tsiku lonse ndiye kunali kowawa. Mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, wozolowera kutsogolera kalasi, atakhala poyera ndi buku la ana oyamwa chala. Munthu akamadutsa mumsewu ankalivundikira ndi kope. Kasitomala akabwera ankanamizira kundithandiza kutola ulusi. Masiku oyambawo sankawerenga, ankalota. Pakakhala chithunzi cha mbuzi ankapeka chiganizo chonse cha mbuzi, chokoma kuposa cha m'bukumo, mpaka a Madamu anayamba kuphimba chithunzi ndi chikhatho. Chithunzi chikaphimbidwa mwanayo ankangoti kakasi, misozi ili lendelende, koma osalira.

"Ichi ndi chani?" a Madamu ankafunsa ndi mawu awo osasa aja.

"Ma."

"Yang'anitsitsa."

"Mo."

"Eya. Chotsatira?"

Supuni n'kugogoda m'nyumba, a Madamu n'kunyamuka. Pobwerako ankapeza mwana waiwala, n'kuyambiranso.

Lachiwiri la sabata lachiwiri, a Madamu ali m'galaja, ndinamva Ella akung'ung'udza yekha, chala chili papepala. Ndinaimitsa makina mwakachetechete.

"Mo... to. Moto. Wa... zi... ma." Anayambiranso. "Moto wazima." Anatembenukira kwa ine. "A Telala, ndi zomwezo?"

Ndinavala magalasi n'kuyang'ana. "Ndi zomwezo."

Sanasekerere. Anayang'ananso tsambalo, kenaka kalendala ija, kenaka chikwangwani cha okala ya kutsidya kwa msewu.

"Zonse zimakhala chonchi? Kumachita kulumikiza?"

"Zonse."

"Ndiye n'zambiritu," anatero, n'kubwezera chala papepala.

Nditawauza a Madamu masana, anatseka maso kanthawi. "Mwanayu ali ndi mutu," anatero. "Temu imodzi yokha, ndikhale naye chonchi, awerenga chilichonse." Tonse tinkadziwa kuti Loweruka latsala masiku anayi, ndipo mayeso a ku Namiwawa ndi a Chingerezi. Za mayesozo zinali zitatha kale. Chimene a Madamu ankafuna tsopano chinali choti mwanayo asachoke m'manja mwawo asanadziwe kuwerenga. Ine ndemwe, amene ndinayamba nkhaniyi ndi mkwiyo, ndinapezeka ndikufuna chomwecho ndi mtima wanga wonse.

Lachisanu cha m'ma faifi a Dalton anafika kudzatenga diresi. Ella anali atatsalira, poti anagwirizana kuti apitire limodzi. Ndinali nditalisita bwino diresilo, kolala yoyera mbee. Analikweza m'mwamba, analitembenuza, anamuyesa mwana pamapewa.

"Mwagwira ntchito, a Telala. Mawa akaona okha kuti kwabwera munthu."

A Madamu anatuluka m'galaja akupukuta choko m'manja.

"Bambo a Ella, takhalani pansi kaye."

Anakhala pakampando kaja, diresi lili pamiyendo. A Madamu anaima chiimire.

"Ndakulakwirani, ndipo ndikufuna mumve kwa ine. Ella mu sitandade yake ali yekha. Wakhala yekha kuyambira tsiku limene munabwera naye. Nambala wani imene ndakhala ndikulemba ndi ya mwana mmodzi."

A Dalton anapisa m'jekete, anatulutsa kapulasitiki kaja, n'kuyamba kutambasula malipoti limodzilimodzi pamwamba pa diresi. Pa lililonse chala chawo chinkaima pabokosi lopanda kanthu lija.

"Bokosi ili," anatero pang'onopang'ono, "ine ndinkati ndi la sitampa. Kuntchito kwathu mapepala amakhala ndi malo otere, oti ife tisalembemo."

"Ndi la chiwerengero cha ana. Ndinkalisiya dala."

"Chabwino. Koma mamalikisiwa ndi ake?"

"A masamu ndi ake. Enawo ankathandizidwa ndi anzake. Ella kuwerenga payekha wayamba sabata lino."

Anatembenukira kwa mwana wawo, amene anali ataima pafupi ndi chitseko, kope atalikumbatira pachifuwa.

"Ella, n'zoona?"

Mwanayo anagwedeza mutu movomera.

"Nanga Baibulo lija umatiwerengera Lamulungu?"

"Ndimaloweza ku Sande sukulu, adadi."

Ine ndinkalakalaka akanakalipa. Munthu wokalipa umadziwa pomugwira. Iwo anangopinda malipoti aja bwinobwino, m'mapindo ake akale, n'kuwabwezera m'kapulasitiki.

"Abwana ndikawauza chani Lolemba," anatero, osafunsa munthu.

"Mawa musapite naye," anatero a Madamu. "Akachita manyazi pachabe. Koma mwanayu wayamba, bambo. A Telala ndi mboni. Ali ndi mutu wabwino kuposa ana ambiri amene ndaphunzitsapo."

"Mawa sapita, zimenezo ndamva. Ndikamulembetsa ku sukulu ya boma. Kumeneko nambala imakhala nambala."

"Kumeneko akasowa. Ndaphunzitsako ine zaka zambiri, ndikudziwa. Ana handiredi m'kalasi, iye ndi mawu akewo, akabisala mpaka sitandade eyiti osadziwika."

"Kuno analipo fotini, a Madamu, ndipo anabisala."

A Madamu anagwira tebulo langa. Sindinawaonepo akupempha kanthu kwa munthu, ngakhale kwa abale awo aja amene amangobwera pa Khirisimasi. Tsiku limenelo anapempha.

"Ndipatseni temu imodzi yokha. Ndikhala naye ndekha tsiku lililonse. Akapanda kuwerenga pofika Disembala, mudzamutenge, mudzandinene paliponse pamene mukufuna."

A Dalton anaimirira. Anapinda diresi mosamala, kolala mkati kuti isade.

"A Madamu, ndakupatsani matemu naini."

A Dalton anandithokoza mwaulemu chifukwa cha diresi, anatsanzika a Madamu mwaulemu womwewo, n'kumugwira mwana dzanja. Akutsika pakhonde ndinaona kuti pansi pa juzi ya Ella pali chinthu cha makona anayi, ndipo buku la sitandade wani panalibe pamene limakhala. A Madamu nawo anaona. Tinamusiya apite nalo.

A Madamu anakhala pakampando kaja mpaka ine nditayamba kulongedza. Ndinafuna kuwauza kuti anachita bwino kunena, koma ndinaona kuti mawu amenewo sawathandiza chilichonse. Ndinangowafunsa ngati ndiwalowetsere kampandoko. Anati ndikasiye, akalowetsa okha.

Lolemba kunacha ndi kamvula komweko. Ana anafika khumi ndi atatu. Nkhani inali itawapeza kale, poti ku Nkolokosa nkhani siyenda ndi minibasi. Panalibe kuthamangitsana pabwalo, panalibe phokoso. Ndinatsegula makina koma mtima unali kuseri kwa khoma, ndiye ndinanyamuka n'kukaima pafupi ndi zenera la galaja ngati ndikuunika nsalu.

A Madamu anali kutsogolo ndi buku m'manja. "Kuyambira lero," anatero, "aliyense aziwerenga payekha. Ndikakuitana uzibwera pano. Enanu pakamwa potseka."

Anayamba ndi Maziko, amene anawerenga mokwiya koma molondola. Anabwera wachiwiri, wachitatu. Hamdani anapunthwa pamzere woyamba womwe, maso n'kuyamba kuyendayenda m'mabenchi, ndipo ndinaona a Madamu akupuma mozama n'kulemba kanthu pakope lawo. Ntchito imene kale inkatenga mphindi khumi inali itadya theka la m'mawa, ndipo ang'onoang'ono anali atayamba kugona pamabenchi.

Tisungeni anali yekha kumapeto kwa benchi lake, malo a Ella atawasiya mmene analili. Anakweza dzanja. Mwana ameneyu zaka ziwiri zonse sindinamumvepo akufunsa funso m'kalasi.

"Madamu, kumene wapita Ellako akamunong'oneza ndani?"

A Madamu anayang'ana choko chimene chinali m'dzanja lawo.

"Palibe," anatero. "Bwera uwerenge."

Tisungeni anatuluka pabenchi, anapita kutsogolo, analandira buku ndi manja awiri. Mwana amene amawerenga kuposa onse m'galajamo, amene akanatha kumaliza tsamba lonselo osapuma. A Madamu analoza poyambira. Anadikira, analozanso. Iye anaima pamenepo, maso ali pabuku, ndipo sanawerenge.